Ziphuphu Zikamangobwerera: Pezani Pamene Pakulakwika Musanagule Mankhwala Ena

Patchuthi chapitachi mwana wa mkulu wanga, mtsikana wa Fomu 3, anabwera kudzakhala kwathu. Tsiku loyamba anadya nsima ataweramitsa mutu, duku atalikokera mpaka m'zikope. Madzulo ndinamuitanira kuchipinda, ndipo anakhuthula kachikwama kake pabedi. Munatuluka sopo wa mankhwala, kachubu kofinyidwa mpaka kumapeto, kabotolo kopanda dzina ka mafuta oyera kamene mnzake wa kuhositelo anamugulira kumsika, Colgate, ndi theka la ndimu lokulungidwa m'jumbo.

"Amayi aang'ono, ndayesa zonse. Khungu langa ndi lokanika basi."

Ndinamufunsa kuti chilichonse mwa izi wapaka kwa nthawi yaitali bwanji. Anawerenga ndi zala: china masiku anayi, china sabata imodzi, kabotolo kaja miyezi iwiri chifukwa ndi kokhako kamene "kanagwira". Ziphuphu zenizeni pamasaya ake zinali zowerengeka. Chimene chinadzaza nkhope ndi mawanga akuda, ndi malo ena onyezimira, opyapyala ngati pamene panapsa ndi madzi otentha. Mtima unandiwawa, chifukwa zambiri zimene ankalira nazo sizinabwere ndi ziphuphu ayi. Zinabwera ndi zinthu zimene ankalimbana nazo ziphuphuzo.

Ngati inunso muli ndi kachikwama ngati kameneka, musagule kanthu kena kaye. Tiyeni tione pamene pakulakwika.

Chimene chikuchitika pansi pa khungu

Khungu la nkhope, pachifuwa ndi kumsana lili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo kabowo kalikonse kali ndi kathumba kotulutsa mafuta. Munthu akatha msinkhu, mahomoni amachititsa timatumbati kutulutsa mafuta ochuluka. Mafutawo akasakanikirana ndi tizidutswa ta khungu lakufa, kabowo kamatsekeka. Kakatsekeka koma kukamwa kwake kuli kotseguka, pamaoneka kadontho kakuda. Kuda kumeneko si litsiro, ndi mafuta amene adetsedwa ndi mpweya, monga mmene nthochi yosenda imadera mukaisiya pambale. Kakatsekekeratu pamatuluka kanjere koyera. M'kati mwa kabowo kotsekeka mumaswana bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense, ndipo thupi likayamba kulimbana naye pamatupa, pamawawa, pamadzaza mafinya.

Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: chiphuphu chimene mwachiona lero chinayamba kupangika masabata angapo apitawo. N'chifukwa chake palibe mankhwala enieni a ziphuphu amene amaonetsa mphamvu yake m'masiku atatu. Ndipo popeza vuto lili m'kati mwa kabowo, kukhula nkhope ndi chinkhupule kapena sopo wochapira zovala sikufika kumeneko. Kumangopweteka khungu la pamwamba.

Kodi ndi ziphuphudi?

Ambiri amataya miyezi akupaka mankhwala abwino pa matenda olakwika. Ziphuphu zenizeni zimakhala zosiyanasiyana kukula kwake, zina zakuda kumutu, zina zoyera, zina zotupa, ndipo kawirikawiri siziyabwa kwambiri.

Ngati muli ndi tinsungu tating'ono tofanana msinkhu tonse, toyabwa, pamphumi, pachifuwa kapena kumsana, tochuluka m'nyengo yotentha ya Okutobala pamene thukuta silikuuma, n'kutheka kuti ndi fangasi wotchedwa Malassezia. Ameneyu samva mankhwala opha bakiteriya, mwinanso amakula nawo. Amamva mankhwala a fangasi, monga shampu ya ketoconazole yoisiya pakhungu mphindi zisanu musanatsukuluze.

Abambo amene timatupa timawatuluka m'ndevu ndi m'khosi patangopita masiku awiri atameta, vuto lawo ndi tsitsi. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye likametedwa ndi lezala mpaka pakhungu limakula mopindika n'kubaya khungu lomwelo. Mankhwala ake oyamba ndi kusiya kumeta kwa mwezi wathunthu, kenaka kumameta ndi mashini mosiya katsitsi pang'ono. Timatupa tolimba ta kunkhongo, tija timayamba mwa anyamata okonda kudula mzere wakuthwa kumbuyo kwa mutu, musatichedwetse. Timalumikizana n'kukhala chipsera chachikulu chosamera tsitsi.

Pali zinanso zimene ndiyenera kuzitchula poyera. Nsungu zoyabwa kwambiri m'mikono, m'miyendo ndi m'thupi, zosiya mawanga akuda paliponse pamene mwakanda, nthawi zina zimakhala chizindikiro choti chitetezo cha m'thupi chatsika. Kukayezetsa magazi n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo n'kwanzeru kuyamba ndi kumeneko. Nsungu kapena matuza obwera mwadzidzidzi limodzi ndi kutentha thupi ndi mwanabere, zimenezo si ziphuphu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

"Ndikupaka koma sizikutha"

Apa mafunso ndi atatu: mukupaka chiyani, mukupaka bwanji, ndipo mwapaka kwa nthawi yaitali bwanji.

Mankhwala opaka amene amagwiradi ntchito si ambiri. Benzoyl peroxide amapha bakiteriya uja, ndipo ubwino wake ndi woti bakiteriyayo samuzolowera. Wa 2.5% kapena 5% ndi wokwanira. Wa 10% sachita zoposa pamenepa, amangowonjezera kuwotcha. Dziwani kuti amasukulutsa mtundu wa nsalu, choncho matawulo ndi nsalu ya pilo zikhale zoyera kapena zakale. Adapalene wa 0.1%, kapena m'bale wake tretinoin, amatsegula timabowo ndi kuletsa tina kutsekeka, ndipo ndi amene ndimawaona ngati msana wa chithandizo chonse chifukwa amathandizanso kufufuta mawanga. Azelaic acid wa 15% kapena 20% ndi wofatsa, amachepetsa kutupa ndi kuda komwe. Salicylic acid wa 2%, amene amapezeka m'sopo wamadzi wina wosambira kumaso, amathandiza pa timadontho takuda ndi tinjere toyera koma pa ziphuphu zotupa mphamvu yake ndi yochepa.

Kapakidwe ndi pamene ambiri amaphonya. Amadontheza mankhwala pachiphuphu chimene chatuluka kale, n'kusiya khungu lozungulira kumene zina zikupangika. Adapalene ndi benzoyl peroxide amapakidwa malo onse amene ziphuphu zimakonda kutuluka, mopyapyala. Kukula kwa njere imodzi ya nandolo kumakwanira nkhope yonse. Gawani kanjereko pamphumi, masaya awiri ndi chibwano, n'kufalitsa, kupewa zikope, ngodya za mphuno ndi milomo.

Tsiku lizikhala lotere. M'mawa sambani ndi sopo wofatsa ndi manja okha, pakani benzoyl peroxide, kenaka mafuta opepuka amadzimadzi. Usiku sambaninso, dikirani nkhope iume bwinobwino, pakani adapalene. Kusamba kumaso kawiri patsiku n'kokwanira, kuwonjezerapo kamodzi ngati mwatuluka thukuta kwambiri kumunda kapena kumpira.

Tsono nthawi. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo mankhwala mungawaweruze kuti alephera pokhapokha patatha masabata 12 mukupaka mokhulupirika. M'masabata awiri kapena anayi oyambirira a adapalene, ena ziphuphu zimawachulukira kaye chifukwa zimene zinali zobisika zikutulukira pamwamba. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya chubu n'kunena kuti mankhwalawo sanawayanje. Mwana wa mkulu wanga ndinamujambula pafoni tsiku loyamba, pakhonde, m'mawa, ndipo tinagwirizana kuti tizijambulanso malo omwewo pakatha masabata anayi aliwonse. Kalilole amene mumamuyang'ana kakhumi patsiku sangakuonetseni kusintha kwapang'onopang'ono. Zithunzi zimaonetsa.

Zikatha, musasiyiretu. Adapalene usiku kawiri kapena katatu pasabata ndi amene amaletsa kuti zisabwerere.

"Zinatha m'masiku ochepa, koma ndikasiya zimabwera zoopsa"

Mukamva mawu awa, kapena ngati ndi inu mukuwanena, tengani chubucho muwerenge timalemba tating'ono. Mukapeza mawu oti betamethasone kapena clobetasol, mwapeza gwero. Awa ndi masteroid amphamvu, mankhwala abwino pa matenda ena a khungu akaperekedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka, koma pankhope ya munthu wa ziphuphu ndi msampha. Amagulitsidwa pa mabenchi a m'misika pafupi ndi mafuta odzola, ndipo ndi amene amathiridwa m'mamikisi aja osungunulira m'botolo la losheni, opanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu.

Amanyenga chifukwa sabata yoyamba amachitadi zodabwitsa. Kutupa kumaphwa, kufiira kumatha, nkhope imayera n'kusalala, anzanu amayamba kufunsa kuti mukudzola chiyani. Koma steroid sanatsegule kabowo ngakhale kamodzi, wangotseka pakamwa chitetezo cha khungu. Pakapita masabata khungu limayamba kupyapyala, timitsempha timaonekera, ubweya umamera m'masaya, zipere zimafalikira mosavuta, ndipo pamatuluka mtundu wina wa ziphuphu wobwera ndi steroid yemweyo, tinsungu tambiri tofanana. Munthu akasiya, nkhope imayaka moto, imatupa, imayabwa. Amabwerera kuchubu, zimazizira, ndipo amakhulupirira kuti khungu lake silingakhale popanda mafuta amenewa. Ndaona amayi akuluakulu amene akhala m'goli limeneli zaka zambiri, ndipo poyamba ankangofuna kuchotsa timawanga tiwiri.

M'mafuta oyeretsa khungu mumapezekanso hydroquinone, mankhwala ochepetsa utoto wa khungu, ndi mercury, mtundu wa chitsulo chapoizoni. Hydroquinone akapakidwa kwa miyezi yambiri amabweretsa kuda kwina kobiriwira m'masaya ndi m'mbali mwa maso, kotchedwa ochronosis, kumene kuchotsa kwake n'kovuta kwambiri kuposa mawanga amene munthu ankathawa. Ku South Africa vutoli linakula mpaka boma linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Mercury amalowa m'magazi n'kuwononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba.

Kutuluka m'goli limeneli kumafuna kulimba mtima. Ngati mwapaka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ingosiyani. Ngati mwapaka kwa miyezi, tengani chubu kapena botololo mupite nalo kuchipatala, musachite manyazi, kuti akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono ndi kukupatsani mankhwala oziziritsa nthawi yovutayo. Yembekezerani kuti nkhope iipa kaye kwa masabata angapo, ndipo mtundu wanu weniweni ubwerera, mwina moderapo poyamba. Nthawi imeneyi musayambe adapalene kapena benzoyl peroxide. Madzi, sopo wofatsa, mafuta opepuka ndi mthunzi, mpaka khungu lipole. Mwana wa mkulu wanga atasiya kudzola, analira sabata yachiwiri, anandipempha kuti ndimubwezere kabotolo kake kamodzi kokha. Ndinakhala naye pamkeka mpaka usiku, tikumuika kansalu konyowa ndi madzi a mumtsuko pamasaya. Pofika sabata yachisanu moto unali utazima.

"Nkhope ikuwotcha ndipo ikusenda"

Ngati simunapake steroid, ndiye kuti mwachulutsa mankhwala kapena mwaphatikiza zambiri nthawi imodzi. Pa khungu lakuda zimenezi si zazing'ono, chifukwa paliponse pamene papsa pamasiya banga. Imani masiku atatu kapena asanu mukudzola mafuta opepuka okha. Poyambiranso, adapalene apakidwe usiku umodzi, kudumpha mausiku awiri, kwa masabata awiri, kenaka kudumpha umodzi, mpaka khungu lizolowere. Mukhozanso kuyamba ndi mafuta odzola, mankhwala pamwamba pake. Benzoyl peroxide akamakuwotchani, mupakeni kwa mphindi zochepa n'kutsuka, amagwirabe ntchito.

Zapakhomo zija zisiyeni ndithu. Colgate anapangidwira mano, pakhungu amawotcha. Madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa amatha kutupitsa matuza n'kusiya chibanga chakuda chotenga miyezi. Adyo wosinja amapsereza ngati moto. Phulusa, soda ndi sipiriti zimachotsa mafuta oteteza khungu n'kulisiya losweka. Ena amatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pachiphuphu, zimene sizichiza kanthu. Uchi ndi alovera sizipweteka anthu ambiri, koma musayembekezere kuti zitsegula timabowo.

Malo amene zikutuluka amanena zambiri

Tinjere todzaza pamphumi ndi m'mbali mwa tsitsi kawirikawiri timachokera ku mafuta a m'mutu. Mafuta olemera opaka m'tsitsi, jelo wogonetsera tsitsi la m'mphepete, ndi mafuta a kokonati zimasungunuka ndi thukuta n'kutsikira kumaso, zina zimatsala pa pilo n'kukupakani usiku wonse. Mafuta azipakidwa kuyambira chala chimodzi kumbuyo kwa mzere wa tsitsi, gonani mutamanga duku loyera, ndipo nsalu ya pilo ichapidwe sabata iliyonse. Wigi ndi chipewa zothina zimachitanso chimodzimodzi. Anyamata a kabaza wa njinga yamoto, yang'anani lamba wa chipewa chanu cholimba pachibwano, muzimupukuta. Kumsana ndi m'mapewa, chikwama chobereka ndi malaya onyowa ndi thukuta ndi zimene zimasonkhezera.

Amayi amene ziphuphu zawo ndi zozama, zowawa, za m'chibwano ndi m'nsagwada, zobwera masiku ochepa asanapite kumwezi, vuto lili ku mahomoni. Funso loyamba n'lakuti kodi zinayamba mutasintha njira yolerera. Jakisoni wa Depo ndi timapulasitiki ta pamkono monga Jadelle ndi Implanon zimachulukitsa ziphuphu mwa amayi ena, pamene mapiritsi olera okhala ndi mahomoni awiri amazichepetsa mwa ambiri. Musasiye kulera panokha chifukwa cha nkhope, kambiranani ndi anamwino akuthandizeni kusankha njira ina, chifukwa mapiritsiwo si oyenera aliyense, makamaka odwala BP, osuta ndi odwala mutu waching'alang'ala. Ngati pamwamba pa ziphuphu msambo ukudumphadumpha, ndevu zikumera ndipo thupi likunenepa, auzeni adokotala zonsezi pamodzi, chifukwa zikhoza kukhala vuto la mazira lotchedwa PCOS.

Mankhwala ena akumwa amatulutsanso nsungu zonga ziphuphu: prednisolone ndi dexamethasone, kuphatikizapo mapiritsi aja ena amamwa pofuna kunenepa, isoniazid wa TB, ndi mankhwala ena a khunyu monga phenytoin ndi phenobarbitone. A TB ndi a khunyu musawasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha khungu. Kauzeni amene anakupatsani.

Za mtedza ndi nkhani zina

Mtedza wakhala ukunamiziridwa kuyambira kalekale. Mafuta amene mwadya sapita kukatulukira pankhope. Zimene zimaoneka kuti zimasonkhezera ziphuphu mwa anthu ena ndi zakudya zokweza shuga m'magazi mofulumira, monga zakumwa zotsekemera, masikono, mabisiketi ndi tiyi wothira shuga masipuni anayi, komanso mkaka wambiri. Kuchepetsa izi kungathandize pang'ono, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala, ndipo mwana wasukulu asadzimane chakudya chifukwa cha nkhope.

Bodza limene limandikwiyitsa kwambiri ndi lija amauzana achinyamata, loti ziphuphu ndi chizindikiro cha chilakolako ndipo zimatha munthu akagonana. Palibe choona ngakhale pang'ono. Atsikana ena anyengedwa ndi mawu amenewa n'kutenga mimba kapena matenda, ziphuphu zili pompo. Makolo, nenani zimenezi kwa ana anu mosabisa mawu.

Pamene zopaka sizikukwanira

Ziphuphu zikakhala zambiri zotupa, zofika pachifuwa ndi kumsana, kapena masabata 12 atha popanda kusintha, pamafunika akumwa. Amene amaperekedwa kawirikawiri ndi doxycycline, tsiku lililonse kwa miyezi pafupifupi itatu, nthawi zonse limodzi ndi benzoyl peroxide kapena adapalene. Kugula makapisozi asanu pagolosale ziphuphu zikavuta n'kusiya zikachepa kumangophunzitsa bakiteriya kupirira mankhwala, ndipo tsiku limene mudzawafune pa matenda aakulu sadzagwira. Doxycycline amwedwe ndi kapu yodzaza ya madzi, mutadya, ndipo musagone pansi kwa theka la ola chifukwa akaima pammero amasupula. Musamwe nthawi imodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena mankhwala a chilungulira. Amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa.

Pa ziphuphu zikuluzikulu zonga zithupsa, zolumikizana pansi pa khungu ndi kusiya maenje, pali isotretinoin. Ndi wamphamvu kuposa onse, amamwedwa miyezi 4 mpaka 6 kapena kupitirira, ndipo ambiri amachira kwa nthawi yaitali. Koma amaumitsa milomo ndi maso, amafuna kuyezedwa magazi, samwedwa pamodzi ndi doxycycline, ndipo amapundula mwana m'mimba moopsa. Mayi amene akumwa ayenera kukhala pa njira yodalirika yolerera nthawi yonseyo ndi mwezi wina umodzi atamaliza. Awa si mankhwala oitanitsa pa WhatsApp kapena kugawana ndi mnzanu.

Amayi oyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, apewe adapalene, tretinoin, doxycycline ndi isotretinoin. Azelaic acid ndi benzoyl peroxide ndi amene madokotala amalola, komabe auzeni a kusikelo chilichonse chimene mukupaka.

Banga ndi chipsera si chinthu chimodzi

Tsekani maso, yendetsani chala pamalopo. Ngati ndi posalala, kungoti pada, limenelo ndi banga. Ngati pali kadzenje kapena patukuka, ndi chipsera. Kusiyanitsa kumeneku kukupulumutsirani ndalama zambiri.

Banga limabwera chifukwa khungu lakuda likatupa kapena kuvulala limatulutsa utoto wake wochuluka pamalopo. Kwa ife, chiphuphu cha sabata imodzi chikhoza kusiya banga la miyezi 6 mpaka chaka, ndipo lozama, looneka motuwira, limatha kukhala zaka. Nkhani yabwino ndi yoti limafufutika. Koma silingafufutike ngati mwezi uliwonse pakubwera ziphuphu zatsopano zosiya mawanga ena, ndiye chithandizo choyamba cha mawanga ndi kuletsa ziphuphu. Amene amathamangira kuchotsa mawanga ziphuphu zikadalipo akutunga madzi ndi dengu.

Chachiwiri ndi zala. Mukafinya chiphuphu, mafinya ena amatuluka koma ena amaphulikira m'kati, kutupa kumakula, banga limada kwambiri, ndipo zikhadabo zimasiya bala lakelake. Ndikudziwa kuti dzanja limapita lokha, makamaka powerenga kapena poonera foni. Wengani zikhadabo. Chiphuphu chowawa chiikeni kansalu kofunda kwa mphindi 10 kangapo patsiku. Cha pamphuno ndi pamlomo wam'mwamba musachikhudze n'komwe, chifukwa mitsempha ya magazi ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu.

Chachitatu ndi dzuwa. Ambiri timaganiza kuti mafuta oteteza kudzuwa ndi a azungu ndi abale athu achialubino okha, koma banga lililonse limada likaombedwa ndi dzuwa, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu ikhoza kufafanizika ndi masiku ochepa a kumunda kapena kumsika. Pezani olembedwa SPF 30 kapena kuposa (nambalayi imasonyeza mphamvu yake yoteteza kudzuwa), opepuka, osasiya kutuwa, muzipaka m'mawa uliwonse. Ngati thumba silikulola, chipewa cha khonde lalikulu ndi ambulera zimathandiza ndithu. Pamwamba pa izi, adapalene, azelaic acid ndi niacinamide (mtundu wa vitamini wopaka pakhungu) zimafulumizitsa kufufutika, pakapita miyezi itatu kapena kuposa. Hydroquinone wa 4% ali ndi malo ake pa mawanga okanika, koma molembedwa ndi dokotala, pabanga pokha, kwa miyezi yosapitirira itatu kapena inayi, osati kudzola nkhope yonse chaka ndi chaka.

Zipsera zolowa m'kati ndi nkhani ina, ndipo ndikufuna ndinene zoona: palibe mafuta, sopo kapena seramu imene imadzaza dzenje. Pamenepo mnofu wa pansi pa khungu unawonongeka. Zilipo zopapatiza zozama ngati pobaya singano, zotakata za m'mbali mwakuthwa ngati za nthomba, ndi zoyenda ngati mafunde chifukwa khungu lakokedwa ndi timinyewa ta pansi. Chilichonse chili ndi njira yake kwa dokotala wa khungu. Zopapatiza amadonthezamo asidi wamphamvu wotchedwa TCA m'kadzenje mokhamo. Za mafunde amalowetsa singano pansi n'kudula timinyewa tokokato. Pali microneedling, kubaya khungu ndi tisingano tambiri kuti lipange mnofu watsopano, kamodzi pamwezi maulendo angapo, ndipo njirayi imayanjana bwino ndi khungu lakuda kuposa ma laser ena, makina ochiza ndi kuwala kwamphamvu, amene amatha kulipsereza n'kusiya kuda kapena kuyera kosatha. Musanagone pabedi la aliyense, funsani ngati anaphunzira za khungu kuchipatala ndiponso ngati wagwirapo ntchito pa khungu la mtundu wanu. Zonsezi zimachepetsa kuzama kwa zipsera, sizibwezeretsa khungu la ubwana, ndipo zimachitika ziphuphu zitaleka kutuluka. Timagudumu ta singano togula pa intaneti n'kumadzigudubuza nokha pankhope ya ziphuphu timangofalitsa matenda.

Zipsera zotukuka, makamaka keloid, zimakonda anthu akuda, ndipo zimamera pachifuwa, m'mapewa, kumsana ndi m'nsagwada. Zimakula kupitirira pamene panali chiphuphu, zimayabwa, zina zimabaya. Ngati kwanu kuli anthu amene anatupa makutu ataboola, kapena mphini zawo zinatukuka, samalani kwambiri ndi ziphuphu za pachifuwa ndipo zichizeni msanga. Keloid imachepetsedwa ndi jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipseramo pakatha masabata 4 mpaka 6 aliwonse, ndipo timapepala ta silicone tomata timathandiza pa zatsopano. Kungoidula kokha, kapena kuimanga ndi ulusi, kapena kuitemera, kawirikawiri imabwerera yaikulu kuposa poyamba.

Nthawi yopita kuchipatala

Musadikire masabata 12 ngati ziphuphu ndi zazikulu, zozama ndi zowawa, kapena mwayamba kale kuona maenje. Mwezi uliwonse wochedwa ndi zipsera zina zimene sizidzachoka. Pitani tsiku lomwelo ngati nkhope kapena chikope chatupa ndipo thupi likutentha. Pitaninso ngati mwana wanu wayamba kujomba kusukulu, kudzitsekera m'nyumba kapena kulankhula zotaya mtima chifukwa cha nkhope yake. Mawu oti "zidzatha zokha ukakula" amatonthoza kholo, koma mwanayo ndi amene amalowa m'kalasi mawa.

Yambani ndi chipatala cha pafupi kapena cha boma la kwanu. Ngati pakufunika katswiri, akutumizani ku kiliniki ya khungu ya chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ku Zambia kuli University Teaching Hospital ku Lusaka. Mankhwala gulani ku famase yovomerezeka, kumene mungawerenge dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi tsiku lothera ntchito. Popita, nyamulani kachikwama konse, machubu otha ndi mabotolo opanda dzina omwe, zithunzi za pafoni, ndi buku lanu la kuchipatala. Lembani papepala tsiku limene munayamba chilichonse, njira yolerera imene muli nayo, ndi mankhwala ena onse amene mukumwa, chifukwa pamzere wautali nthawi yolankhula ndi dokotala imakhala yochepa ndipo munthu amaiwala.